DZINA LOLUMPHIDWA PAMNDANDANDA

M'chaka cha 1998 Boma lidagawa Machinga pawiri, ndipo dera la kuzambwe kwa mtsinje wa Shire lidakhala boma palokha, likulu lake ku Balaka. Kwa anthu a ku Ulongwe, Phalula ndi Utale nkhaniyi idatanthauza kuti sadzawolokanso mtsinje pofuna kukaonana ndi bwanamkubwa wawo. Koma kwa alembi a m'maofesi idatanthauza thukuta, pakuti mndandanda uliwonse umene udali ndi mutu woti Machinga, kaya wa sukulu, wa zipatala, wa misika kapena wa mafumu, udayenera kuunikidwa dzina ndi dzina kuti zonse za ku Balaka zichotsedwemo. Mlembi wogwira ntchito yotere ndi pensulo savutika kwenikweni. Akakhwatcha dzina, mzere wa dzinalo umakhala pomwepo, ndipo dzina lotsatira limadikira pamalo pake kufikira diso lake litalipeza. Pepala silisuntha.

Mu kompyuta zinthu sizili choncho. Masiku ano, pamene makaundula a anthu olandira thandizo, a ana asukulu ndi a alimi ogula feteleza wotsika mtengo akusungidwa m'makina, ntchito yochotsa ndi kuwonjezera maina yasiyidwa m'manja mwa mapulogalamu, ndipo pali mbuna imodzi imene olemba mapulogalamu, ophunzira kumene ndi akatakwe omwe, akhala akugweramo kwa zaka zambirimbiri. Mbunayo ndi kusintha mndandanda pa nthawi yomwe pulogalamu ili mkati mouwerenga. Zimamveka ngati nkhani yaing'ono ya anthu a masamu, koma mathero ake akhoza kukhala banja limene dzina lake lalumphidwa pa tsiku la malipiro popanda wina aliyense kudziwa chifukwa chake.

Kuti nkhaniyi imveke, nkofunika kuyamba ndi mmene kompyuta imasungira mndandanda. Njira yotchuka kwambiri ndi imene akatswiri amaitchula kuti array, ndipo tingaifanizire ndi benchi lalitali la kusikelo ya ana, limene malo ake okhalapo ali ndi manambala. Manambalawo amayambira pa 0, osati pa 1, m'ziyankhulo zambiri zolembera mapulogalamu. Lamulo la benchili ndi limodzi: pasakhale mpata pakati pa anthu. Ubwino wa lamuloli ndi woti kompyuta ikauzidwa kuti ibweretse munthu wa pamalo a nambala 500, siyamba kuwerenga kuchokera kumayambiriro ai, imangochita kasamu kakang'ono n'kulunjika pomwepo. Mtundu wina wa benchili, umene umatchedwa dynamic array, umatha kukula ndi kuchepa malinga ndi kuchuluka kwa anthu. Umenewu ndiwo umatchedwa list m'chiyankhulo cha Python, ArrayList m'chiyankhulo cha Java, ndi vector m'chiyankhulo cha C++. Munthu mmodzi akanyamuka pakati pa benchi lotere, onse a kumbuyo kwake amasendera malo amodzi kutseka mpatawo. Wina akalowetsedwa pakati, onse a kumbuyo amasunthira kutali ndi malo amodzi.

Tsono pulogalamu yowerenga mndandanda siyang'ana nkhope za anthu. Ili ngati kapitawo wotsinzina amene amangoloza chala pamalo a nambala 0, kenaka 1, kenaka 2, n'kumafunsa kuti, "Pano pali yani?" Chalacho chimasuntha malo amodzi nthawi iliyonse, ndipo chimaleka chikafika kumapeto kwa benchi.

Tiyeni titenge ntchito ya mu 1998 ija n'kuipereka kwa kapitawo ameneyu. Pabenchi pakhale malo a malonda asanu ndi amodzi a Machinga wakale, ondondozedwa motere: Liwonde, Ulongwe, Phalula, Ntaja, Utale, Nayuchi. Lamulo likhale loti malo aliwonse a ku Balaka achotsedwe. Chala chiyamba pa 0, chipeza Liwonde, wa ku Machinga, chimusiya. Chifika pa 1, chipeza Ulongwe, wa ku Balaka, chimuchotsa. Nthawi yomweyo Phalula asendera pamalo a nambala 1, Ntaja pa 2, Utale pa 3, Nayuchi pa 4. Koma chala chatha kale ntchito yake pa 1, choncho chipita pa 2, chipeza Ntaja. Phalula wadutsa kunsi kwa chala osafunsidwa kanthu. Pa 3 chala chipeza Utale n'kumuchotsa, Nayuchi asendera pa 3, chala chipita pa 4, pamene tsopano palibe munthu, ndipo ntchito ithera pomwepo. Mndandanda watsopano wa Machinga utuluka uli ndi Liwonde, Phalula, Ntaja ndi Nayuchi. Phalula, amene ali pamsewu wa M1 m'boma la Balaka, watsalira ku Machinga, ndipo Nayuchi wapulumuka mwamwayi chabe, chifukwa naye sadafunsidwe.

Choopsa pankhaniyi si kulakwako ai, koma bata limene kulakwako kumabwera nalo. Pulogalamu ya Python yolembedwa motere imatha ntchito yake bwinobwino, popanda kudandaula kapena kulemba uthenga wochenjeza. Chiyankhulochi, chimene Guido van Rossum adachitulutsa m'chaka cha 1991 ndipo ophunzira ambiri amayambira pa icho, chimalola munthu kuchotsa zinthu mu list ali mkati moiwerenga, ndipo mabuku ake amangolangiza kuti ndi bwino kuwerenga kope kapena kupanga mndandanda watsopano. Chodabwitsa nchakuti pa chosungira china chotchedwa dictionary, Python yemweyo amaimitsa pulogalamu akaona kuti kukula kwake kwasintha pakati pa kuwerenga. Wophunzira amene adazolowera kudzudzulidwa pa dictionary amaganiza kuti pa list nayo adzadzudzulidwa, ndipo apa ndi pamene amagwera.

Kuwonjezera kuli ndi mavuto akenso, ndipo Balaka yemweyo ndi chitsanzo chabwino. Chisanafike chaka cha 1998, mndandanda wa maboma a m'Malaŵi wondondozedwa motsata alifabeti unkayamba ndi Blantyre, kenaka Chikwawa, Chiradzulu, Chitipa, Dedza, mpaka ku Zomba. Balaka atabadwa adakakhala patsogolo penipeni, Blantyre n'kusunthira pamalo a nambala 1, ndipo maboma ena onse adasuntha naye. Tiyerekeze kuti chala chili pa 2, pa Chiradzulu, pamene Balaka akulowetsedwa pa 0. Chiradzulu asunthira pa 3, chala nacho chipita pa 3, n'kumupezanso. Ngati ntchito ya chalacho idali kugawa ndalama, Chiradzulu walandira kawiri, pamene Balaka, amene walowa kumbuyo kwa chala, sadalandire kalikonse. Phalombe adapatuka ku Mulanje chaka chomwecho, Likoma ndi Neno adatsatira pambuyo pake mpaka maboma adakwana 28, ndipo pulogalamu iliyonse imene ikadasunga boma ndi nambala ya malo ake pamndandanda wa alifabeti ikadasokonezeka nthawi zonsezo. Nchifukwa chake akatswiri amakana kuti nambala ya pabenchi ikhale dzina la munthu. Munthu ayenera kukhala ndi chizindikiro chake chosasintha, monga nambala ya pachitupa cha unzika chimene National Registration Bureau idayamba kupereka itachita kalembera wa anthu opitirira 9 miliyoni m'chaka cha 2017.

Ndipo wowonjezera kumapeto kwa benchi asaganize kuti wapulumuka. Mu Python chala chimayang'ana kutalika kwa benchi pa sitepe iliyonse, kotero ngati pulogalamu iwonjezera dzina limodzi kumapeto pa dzina lililonse limene yawerenga, mapeto amathawa chala mpaka kalekale, ndipo makina amadzaza n'kuima. Mu JavaScript, chiyankhulo cha masamba a pa intaneti, njira yowerengera yotchedwa forEach imayeza kutalika kamodzi kokha poyamba, motero maina owonjezedwa pambuyo pake sawerengedwa n'komwe. Chochita nchimodzi, zotsatira nzosiyana ngati usiku ndi usana, ndipo wolemba mapulogalamu amene wasamuka kuchoka ku chiyankhulo china kupita ku chinzake ali ngati mkamwini watsopano amene sadafunse miyambo ya pamudzi.

Pali chinthu china chobisika chimene chimachitika benchi likadzaza. Kompyuta siingangolumikiza thabwa kumapeto, pakuti malo oyandikana nawo m'nkhokwe yake akhoza kukhala kuti atengedwa kale ndi zinthu zina. Chimene imachita ndi kupeza malo ena aakulu, kukhoma benchi latsopano, kusamutsira onse kumeneko, n'kubweza malo akale kuti agwiritsidwe ntchito ina. ArrayList ya Java imayamba ndi malo 10, ndipo ikadzaza imawonjezera theka la kukula kwake, kufika pa 15, kenaka 22, ndi kumapitirira motero. Mitundu ina ya C++ imachulukitsa kawiri. Nzeru yake ndi yoti kusamuka kuzichitika kamodzikamodzi. Koma mu C++ chala chowerengera nthawi zambiri sichisunga nambala ya malo, chimasunga keyala yeniyeni ya m'nkhokwe. Anthu akasamuka, chala chimatsala chikuloza pabwinja. Chimene chidzapezeke pamenepo palibe angalosere: mwina maina akale akadalipo ndipo pulogalamu ioneka ngati ikuyenda bwino, mwina pali zinyalala, mwina pali zinthu za ntchito ina zimene pulogalamuyo idzazilemba pamwamba. Malamulo a chiyankhulochi amangonena kuti zotsatira zake nzosadziwika, ndipo udindo ndi wa wolembayo.

Mabwinja oterewa ndiwo khomo limene akuba a pa intaneti amalikonda. Kampani ya Microsoft idanena m'chaka cha 2019 kuti pafupifupi 70 mwa zilema 100 zilizonse za chitetezo zimene inkakonza chaka ndi chaka zidali zokhudza kasamalidwe ka nkhokwe ya kompyuta, ndipo opanga Chrome ku Google adapeza chiwerengero chofanana nacho m'chaka chotsatira, theka lake likuchokera ku kugwiritsa ntchito malo amene adabwezedwa kale. Sikuti zilema zonsezo zidabadwa pa kusintha mndandanda pakati pa kuwerenga, koma chilema chimene tikukambachi ndi cha banja lomwelo.

Opanga Java adafuna kuteteza anthu awo. Pamene zosungira za mtundu wa ArrayList zidalowa m'chiyankhulochi m'chaka cha 1998, chaka chomwe Balaka adapatuka, Joshua Bloch ndi anzake ku kampani ya Sun Microsystems adaikamo mlonda. Mndandanda uliwonse umasunga chiwerengero cha nthawi zimene wawonjezedwa kapena kuchepetsedwa. Chala chikamayamba ulendo chimalemba chiwerengerocho pachikhatho, ndipo chisanatenge dzina lililonse chimafanizira. Chikapeza kuti zasiyana, chimakuwa ndi uthenga wotchedwa ConcurrentModificationException, pulogalamu n'kuima. Ophunzira amaudana nawo uthengawu, koma ndi bwenzi lenileni, pakuti kuli bwino pulogalamu kuima masana anthu akuona kusiyana ndi kulakwa mwakachetechete.

Komabe mlondayu ali ndi ola limodzi limene amawodzera. Tengani mndandanda wa Liwonde, Ntaja, Utale ndi Nayuchi. Chala chikatenga Utale, amene ndi wachiwiri kuchokera kumapeto, chimakhala chitawerenga maina atatu. Utale akachotsedwa, mndandanda umatsala ndi maina atatu. Chala chisanafanizire chiwerengero cha pachikhatho, chimayamba chafunsa ngati patsala wina, ndipo poona kuti chawerenga atatu mwa atatu, chimati ntchito yatha. Palibe kukuwa, ndipo Nayuchi sadafunsidwe. Mabuku a Java eni ake amachenjeza kuti mlondayu amangoyesetsa, munthu asamudalire ngati chitsimikizo. Chiyankhulo cha Rust, chimene chidakhazikika m'chaka cha 2015, chidatenga njira yolimba kuposa zonsezi: pulogalamu imene ikufuna kusintha mndandanda pamene chala china chikadaugwira imakanidwa isanayambe n'komwe kuyenda. Ambiri amadandaula kuti Rust ndi mphunzitsi waukali. Pankhani iyi yokha, ukaliwo ngoyenera.

Wina akhoza kuganiza kuti mbunayi imakola ana asukulu okha. Mbiri ikutsutsa. Pa 31 Okutobala 1976, tsiku limene Amereka amalitchula kuti Halloween, akatswiri atatu a kampani ya IBM, Don Chamberlin, Pat Selinger ndi Morton Astrahan, ankayesa makina atsopano osungira kaundula otchedwa System R, amene ndi limodzi mwa makolo a makina ambiri osungira kaundula amene mabanki ndi maboma akugwiritsa ntchito lero. Adalamula makinawo kuti wantchito aliyense wolandira ndalama zosakwana madola 25,000 akwezedwe malipiro ndi 10 peresenti. Makinawo adatha ntchito popanda kudandaula, koma akatswiriwo poyang'ana adapeza kuti palibenso wantchito ndi mmodzi yemwe wolandira zosakwana 25,000. Chidachitika nchakuti makinawo ankawerenga antchito motsata kukula kwa malipiro awo, kuyambira wochepa. Munthu wa 20,000 akakwezedwa kufika pa 22,000, dzina lake linkasunthira kutsogolo kwa chala, chala n'kumupezanso, n'kumukweza kufika pa 24,200, n'kumupezanso kachitatu, mpaka atafika pa 26,620 n'kutuluka m'gulu la oyenera kukwezedwa. Kufikira lero vutoli limatchedwa Halloween Problem, ndipo opanga makina osungira kaundula amaonetsetsa kuti mndandanda wa oyenera kusinthidwa wapatulidwa, kusintha kusanawabweze kutsogolo kwa chala.

Nanga zonsezi zikumukhudza bwanji mayi wa ku Chikweo kapena gogo wa ku Kankao? Ndondomeko ya Mtukula Pakhomo idayamba m'boma la Mchinji m'chaka cha 2006, Machinga adali m'gulu la maboma oyambirira kuilandira, ku Balaka idafika ndi thandizo la boma la Ireland, ndipo pofika 2018 idali itafalikira m'maboma onse 28. Idakonzedwa kuti ithandize mabanja osaukitsitsa amene alibe munthu wamphamvu zogwira ntchito, ndipo ndalama zake zimatsata kuchuluka kwa anthu pabanja, ndi kenakake kowonjezera pa ana amene ali pasukulu. Mndandanda wotere sukhala chete tsiku ndi limodzi lomwe. Mutu wa banja amwalira, mdzukulu atenga malo ake. Mwana amaliza pulayimale. Mnyamata akwatira napita kuchikamwini, monga mwa mwambo wa madera ambiri a kuno, ndipo banja lina lichepa pamene lina likukula. Kalembera wa 2018 adapeza anthu 735,438 ku Machinga ndi 438,379 ku Balaka, ndipo pa unyinji wotere palibe mlembi amene angazindikire ndi maso kuti mzere umodzi walumphidwa.

Nkhani pano si yoloza chala ofesi iliyonse, koma kusonyeza mtundu wa ntchito imene achinyamata ophunzira za makompyuta ku Zomba, ku Blantyre ndi ku Thyolo adzapatsidwa akamaliza maphunziro. Adzauzidwa kuti alembe kapulogalamu kochotsa omwalira, kochotsa maina olembedwa kawiri, kapena kosamutsa midzi imene yapatsidwa gulupu watsopano. Ndipo maina oyenera kuchotsedwa kawirikawiri amakhala moyandikana, chifukwa makaundula amalembedwa mudzi ndi mudzi. Pamene maina awiri otere atsatana, monga Ulongwe ndi Phalula, ndi pamene chala chimalumpha. Ngati ntchito ya pulogalamuyo ndi kuchotsa kokha, wolumphidwayo amatsala pamndandanda mosayenera ndipo ndalama zimatuluka m'dzina la munthu amene adamwalira. Ngati pulogalamuyo ikuchotsa ndi kulipira pa ulendo umodzi womwewo, wolumphidwayo ndi munthu wamoyo amene tsoka lake ndi loti dzina lake lidatsatana ndi la malemu. Iye adzayenda wapansi kupita kumalo olipirira, n'kubwerako chimanjamanja. Akadzafunsa, mlembi adzatsegula kompyuta n'kupeza dzina lake lilimo bwinobwino, ndipo aliyense adzasowa poyambira.

Mankhwala ake si achilendo, ndipo amayi osankha nandolo pakhonde amawadziwa kale. Mayi wanzeru sabwezera nandolo wosankhidwa m'lichero lomwe akusankhamo. Amakhala ndi malichero awiri: amatapa m'loyamba, wabwino n'kuika m'lachiwiri, wofumbwa n'kutaya. Pulogalamu nayo iwerenge mndandanda wakale osaukhudza, dzina lililonse loyenera kutsala ililembe pamndandanda watsopano, ndipo ikamaliza itaye wakalewo. Iyi ndiyo njira yoyera kuposa zonse, ndipo mtengo wake ndi malo owonjezera m'nkhokwe, amene pa makina a masiku ano savuta kwenikweni pa mndandanda wa boma limodzi. Mlongo wake wa njirayi ndi kujambula kope poyamba, chala n'kumayenda pakopepo pamene kuchotsa kukuchitika pamndandanda weniweni.

Njira ina ndi kuyambira kumchira. Pamndandanda wathu uja chala chiyambe pa 5, pa Nayuchi, chimusiye. Pa 4 chichotse Utale. Amene asendera ndi Nayuchi, wofunsidwa kale, choncho palibe chatayika. Pa 3 chisiye Ntaja, pa 2 chichotse Phalula, pa 1 chichotse Ulongwe, pa 0 chisiye Liwonde. Zotsala ndi Liwonde, Ntaja ndi Nayuchi, monga kuyenera. Njirayi ndi yolondola koma ili ndi ulesi wobisika, pakuti kuchotsa kulikonse kumasunthitsa onse a kumbuyo. Pa maina 100,000, ngati theka lichotsedwa limodzilimodzi mobalalika, kusendera konse pamodzi kumapitirira biliyoni imodzi. Akatswiri amakonda njira ya zala ziwiri: chala chimodzi chimawerenga, china chimalemba. Chowerenga chikapeza dzina loyenera kutsala, chimalipereka kwa cholemba, chimene chimaliika pamalo otsatira kuchokera kumayambiriro kwa benchi lomwelo. Pomaliza mchira wotsala umadulidwa kamodzi. Ulendo ndi umodzi, masitepe 100,000 okha. Njirayi idaikidwa kale m'ziyankhulo zambiri kuti munthu asavutike kuilemba yekha: mu Java ndi removeIf, imene idabwera m'chaka cha 2014, mu Rust ndi retain, ndipo C++ idalandira erase_if mu malamulo ake a 2020. Amene akufunabe kuchotsa dzina limodzi pakati pa ulendo, achotse kudzera m'chala chenichenicho, chimene chimatchedwa iterator, pakuti chala chikachotsa chokha chimadziwa kubwerera pambuyo sitepe imodzi.

Ena amati vuto ndi benchi, ndipo amasankha chosungira china chotchedwa linked list. Ichi chili ngati sitima zonyamula malasha zimene zimachoka ku Moatize kudzera ku Nkaya, Liwonde ndi Nayuchi kupita ku doko la Nacala. Bogi lililonse limangodziwa bogi lotsatira. Kuchotsa limodzi pakati ndi kumasula zolumikizira ziwiri n'kulumikiza la kutsogolo ndi la kumbuyo, popanda kusintha nambala ya wina aliyense. Koma wowerenga amene waima pabogi limene likumasulidwalo, ngati sadagwire kale lotsatira, amakankhidwira kunjanji yapambali pamodzi nalo, sitima n'kumusiya. Ndiponso kufuna bogi la nambala 80 ndi kuyenda wapansi kuchokera ku injini. Pa ntchito zambiri za makaundula benchi limapambanabe pa liwiro, ndipo kuthawira ku sitima ndi kusinthanitsa vuto ndi linzake.

Pansi pa njira zonse zabwinozi pali ganizo limodzi: kuwerenga ndi ntchito ina, kusintha ndi ntchito inanso, ndipo wofuna kugwira ziwirizi ndi dzanja limodzi akumbuke pusi amene adati ichi chakoma ichi chakoma. Anthu ochita kalembera adalizindikira kale ganizoli, makompyuta asanabwere. Kuwerenga dziko kumatenga masabata, ndipo pa masabatawo ana amabadwa, okalamba amamwalira, ena amasamuka kuchoka kumudzi umene sudawerengedwe kupita kumudzi umene wawerengedwa kale. Nchifukwa chake maiko ambiri amasankha usiku umodzi n'kumafunsa aliyense kuti adagona kuti usiku umenewo, monga Kenya idachitira ndi usiku wa pa 24 kucha wa pa 25 Ogasiti 2019. Kaundula wa zisankho nayenso amatsekedwa, n'kuunikidwa, tsiku loponya voti lisanafike. Kumeneko ndiko kujambula kope. Makina aakulu osungira kaundula amachitanso chimodzimodzi pamene alembi awiri, wina ku Ntaja wina ku Lilongwe, agwira mndandanda umodzi pa nthawi imodzi: ambiri mwa makinawa amatha kupatsa wowerenga chithunzi cha mmene zinthu zidalili pamene ankayamba, zosintha za mnzakeyo n'kudzaonekera pa ulendo wotsatira.

Chotsala ndi funso la mmene wolemba pulogalamu angadziwire kuti wagwa m'mbuna, poti mbunayo siilira. Kuyesa kamodzi n'kuona yankho labwino sikokwanira. Maina asanu ndi amodzi aja akadandondozedwa mosinthanasinthana, motere: Ulongwe, Liwonde, Phalula, Ntaja, Utale, Nayuchi, pulogalamu yolakwika ija ikadachotsa Ulongwe, n'kulumpha Liwonde, n'kuchotsa Phalula, n'kulumpha Ntaja, n'kuchotsa Utale, n'kulumpha Nayuchi. Yankho likadatuluka lolondola ndendende, wolembayo n'kupita kunyumba akuimba mluzu, pamene theka la maina silidayang'anidwe. Woyesa wodziwa ntchito yake amaika dala maina awiri kapena atatu oyenera kuchotsedwa motsatana, amaikanso lina poyambirira penipeni, lina kumapeto, lina pamalo achiwiri kuchokera kumapeto chifukwa cha mlonda wa Java uja, ndipo amayesanso mndandanda umene maina ake onse ndi ochotsedwa.

Akalaliki a zachuma ali ndi chizolowezi chophatikiza otsala ndi ochotsedwa kuti aone ngati akufanana ndi chiwerengero choyamba. Chizolowezicho nchabwino pa ntchito zambiri, koma pano chimanyengedwa. Pa ulendo wolakwika woyamba uja otsala adali anayi, ochotsedwa awiri, onse pamodzi asanu ndi mmodzi, ndipo masamu adagwirizana bwinobwino Phalula ali kolakwika. Chiwerengero chimene chimaulula chinsinsi ndi china: maina angati amene chala chidawafunsadi. Pa ulendo umenewo adali Liwonde, Ulongwe, Ntaja ndi Utale, anayi mwa asanu ndi mmodzi. Kuwonjezera kawerengero kameneka mu pulogalamu ndi mizere iwiri kapena itatu yokha, ndipo pulogalamu ikhoza kulamulidwa kuti ikane kutulutsa mndandanda wa malipiro ngati ofunsidwa sadakwane chiwerengero cha amene adalowa.